Mkono Wophunzirirapo

Chaka chomaliza cha maphunziro anga a udokotala, sukulu inanditumiza pa kachipatala kena ka mishoni, mkati mwa maesiteti a fodya kuseri kwa Santhe. Sindinakondwe. Kwathu ndi komweko, ndipo ndinali nditavutika ndi mabuku zaka zonsezo kuti ndithawe fungo la fodya, osati kuti ndibwerere kudzalipumanso nditavala gauni yoyera. Komanso sananditumize ndekha. Sukulu yathu inali ndi kachitidwe kakuti wa kalasi yapamwamba azipatsidwa wa kalasi yam'munsi kuti azimuphunzitsa ntchito za manja. Aphunzitsi ankati potero wophunzitsayo nayenso amakhwima. Ine ndinkangoona kuti apeza mphunzitsi wosafuna malipiro.

Anandipatsa mtsikana wa ku Lilongwe, wamfupi, wovala magalasi, mwana wokulira m'nyumba ya magetsi. Ankanditchula kuti asisi kuyambira tsiku loyamba, ndipo ankandilondola paliponse, ngakhale popita ku mjigo. M'mutu anali wakuthwa zedi. Ukamufunsa za mitsempha ya pa mkono ankaitchula yonse mayina ake, komwe ikuchokera ndi komwe ikupita. Koma ungomupatsa kanyula, kasingano kaja timalowetsa mu mtsempha kuti madzi a dripi adutsiremo, manja ake ankasanduka a munthu wina. Anali atalephera kale kamodzi pa chinthu chomwechi ku chipatala china, ndipo lamulo la sukulu linali loti wolephera kachiwiri azilongedza katundu.

Woyang'anira kachipatalako anali bambo wachikulire, wosakonda zoyankhulayankhula, amene ankaona yekha odwala onse a dera limenelo. Tsiku lotilandira anamuuza mtsikanayo mosakweza mawu:

"Mayi, musanachoke pano ndikuoneni ndi maso angawa mukuika dripi pa munthu wodwala. Ndikaona, ndidzalemba kuti ndaona. Ndikapanda kuona, ndidzalemba kuti sindinaone."

Kenako anatembenukira kwa ine. "Inu ndiye mwini wake. Mumuphunzitse."

Inali nyengo yothyola fodya. Amene sanakhaleko kwathu nthawi imeneyo amaganiza kuti mvula imaziziritsa dziko. Imagwa mbandakucha, dzuwa n'kutuluka lolusa, nthaka n'kuyamba kufuka nthunzi. Matenanti, mabanja aja amachokera ku Mulanje, ku Phalombe ndi kwina kudzalima pa minda ya eni esiteti, amalowa m'munda masamba akadali onyowa. Amawakumbatira pachifuwa mpaka ku chigafa koumitsira fodya, ndipo ukali wa fodya wamuwisi umalowa m'thupi kudzera pakhungu. Pofika masana wina wayamba chizungulire, wina akusanza osaleka. Onjezanipo kutsegula m'mimba kwa m'dzinja. Ankafika pa ngolo kapena pa kabaza ali ouma, maso atalowa, mitsempha itabisala. Manja awo anali akuda ndi utomoni wa fodya, ndipo thonje lathu la sipiriti linkangoufalitsa utomoniwo osauchotsa. Aliyense ankafika ali pa changu, chifukwa fodya wothyola kale sadikira munthu, ndipo kapitawo amadziwa amene sanaoneke kumunda.

Sabata yoyamba yomweyo inafika ngolo ya ng'ombe ziwiri zowonda. Munali mayi wina amene anali atasanza kuyambira m'mawa, ndipo mwamuna wake, bambo wamtali wa ku Phalombe, anamunyamula yekha mpaka pa bedi. Ndinati mwayi ndi uwu. Ndinamanga golovesi pa mkono wa mayiyo kuti mtsempha utupe, n'kumupatsa mtsikana uja kanyula. Analasa, sanapeze. Anatulutsa, analasanso pambali, pakhungu n'kutupa. Akufuna kuyesa kachitatu, bambo uja anamugwira dzanja, mwaulemu ndithu, osakalipa.

"Amayi, pepani. Mkazi wangayu si wophunzirirapo. Tiitanireni akuluakulu."

Ndinatenga kanyula wina n'kulowetsa kamodzi kokha. Madzi atayamba kudontha ndinatembenuka, mtsikana uja palibe. Ndinakamupeza kuseri kwa chipatala, pafupi ndi ng'ombe zija, akulira magalasi ali m'manja. Sindinamutonthoze, ine kutonthoza sindinabadwe nako. Ndinangomuuza kuti asambe kumaso chifukwa mzere wa odwala ukadalipo.

Nkhani pa esiteti imathamanga kuposa thirakitala. Masiku ochepa chabe, aliyense wofika pa chipatala ankanena asanakhale n'komwe pansi: "Koma wamagalasiyo ayi." Mayi wina anabisa mikono yonse m'chitenje atangomuona akulowa. Sindikanawadzudzula. Munthu wasiya fodya akufota m'munda, mimba ikupotokola, ndiye abwere kudzakhala choyeserapo cha mwana wa eni? Koma zinatanthauza kuti m'dera lonselo munatsala mikono iwiri yokha imene sikanatha kukana, ndipo inali yanga.

Anamwino a pamenepo anatipatsa bokosi la makanyula amene nthawi yake inali itatha koma akadali otsekedwa m'mapepala awo. Mzere wa odwala ukatha chakumadzulo, tinkalowa m'kachipinda kosungiramo katundu, pakati pa makatoni ndi zidebe. Ndinkakhala pa katoni, n'kupinda malaya, n'kuyala mkono pa bondo.

"Usathamange, palibe akukuthamangitsa. Goneka singano pang'ono. Ukaona magazi atulukira kumbuyoko, ima. Kankha kapulasitiki kokha, singano ibwerere."

"Ndikupwetekani, asisi."

"Ukundipweteka kale ndi kunjenjemerako. Lasa."

Tsiku lachiwiri analowa. Lachitatu analowanso, kamodzi kokha, mwaukhondo. Pakutha pa sabata ankalowa uku akundifotokozera za mpira wa manja wa kusukulu. Ndinati basi, ntchito yanga yatha, ndipo ndinayamba kudziona ngati mphunzitsi woopsa. Atabwera agogo ena ofooka kwambiri moti analibe mphamvu zokanira, ndinathamanga kukaitana akulu aja oyang'anira chipatala kuti adzaone. Anabwera n'kuima cha kumutu kwa bedi, manja kumbuyo. Mtsikana uja anayang'ana mkono wa agogowo, anautembenuza, anayang'ananso, analasa, n'kuphonya. Akuluwo anatenga kanyula m'manja mwake, anaika okha, n'kunena akutuluka kuti, "Masiku alipo." Tonse tinkadziwa kuti masikuwo akutha.

Madzulo amenewo ndinapsa mtima.

"Iwe, tandiuza. Pa mkono wanga umalowa ndi mankhwala kapena? Ndakupatsa thupi langa sabata yathunthu, ndatupa ponseponse, ndiye ukandichititse manyazi pamaso pa anthu?"

Anayankha motsitsa, akuyang'ana pansi. "Wanu umaoneka, asisi. Wawo suoneka."

Ndinayang'ana mkono wanga. Mitsempha inali gwa, yonenepa ndi tiyi wa m'mawa ndi nyemba za kusukulu, ikuoneka ngakhale osamanga golovesi. Ngakhale wakhungu akanalowa pamenepo. Ndipo tonse kusukulu tinaphunzira chonchi, kulasana tokhatokha, ana okhuta, omwa madzi nthawi imene tafuna, kenako n'kutuluka tikudziyesa akatswiri. Ine zinandiyendera chifukwa ndinakulira kuno, ndipo zala zanga zinazolowera kufufuza zinthu popanda kuziona. Mnzangayu ndinali nditamuphunzitsa kulasa munthu amene sadzabwera ku chipatala chino.

Zimene ndinachita pambuyo pake sindikulangiza munthu aliyense, ndipo ophunzira anga a lero ndikawapeza akuchita zotere ndimawakalipira. M'mawa mwake sindinamwe tiyi. Sindinamwe madzi. Ndinagwira ntchito tsiku lonse m'chipinda cha malata chija, thukuta likutsika, ndikupereka makapu a madzi a mchere ndi shuga kwa odwala, ine mmero uli gwa. Masana ndinayenda padzuwa mpaka pa chigafa chapafupi, pomwe azimayi ena ankasoka fodya, n'kuwapempha kuti andilole ndigwireko masamba. Ndinadzipaka utomoni kuseri kwa manja ndi m'mikono. Azimayiwo anaseka mpaka kugwirana.

"Adokotala, ife tikulira kuti zichoke, inu mukudzola ngati mafuta?"

"Ndi fashoni ya ku Boma," ndinatero, ndikuchoka.

Pofika madzulo mitsempha yanga inali italowa pansi. Ndinakhala pa katoni paja n'kutambasula mkono wakuda, wonunkha fodya.

"Vula magalasi."

"Sindiona bwino, asisi."

"N'chimene ndikufuna. Maso ndi amene akukunamiza. Funa ndi chala. Ukadina, mtsempha umafewa n'kubwerera, ngati chubu cha njinga chopanda mpweya wokwanira. Chikalimba osabwerera, chisiye, si chimenecho."

Anaphonya. Tsiku limenelo anaphonya paliponse pamene anayesa, ndipo kulasidwa pouma kumawawa mosiyana, kumafika mpaka m'mano. Titamaliza ndinamwa jagi yathunthu nditaimirira, mutu ukugunda. Mawa lake chimodzimodzi. Ndinkadzuka ndili wotopa kale, ndinkakwiya ndi chilichonse, ndi tambala, ndi mwana wolira pa sikelo, ndi kayendedwe ka mtsikanayo kopanda phokoso kumbuyo kwanga. Nthawi zina ndinkamuda ndithu. Ndinkadzifunsa kuti mwana wa munthu amene sindikumudziwa n'komwe wandilowa bwanji m'thupi chonchi. Koma ndikaganiza zomuona akukwera minibasi pa Santhe ndi chikwama chake, zaka zonse zija zitapita pachabe chifukwa cha kasingano, ndinkapindanso malaya.

Lamlungu lina ndinakwera kabaza kukaona amayi kumudzi. Ndinavala bulauzi ya manja aatali, koma potsuka mbale ndinaiwala n'kupinda. Amayi anandigwira mkono n'kuutembenuzira kowala. Unali ndi timabala ndi mabanga akuda kuyambira pa chigongono mpaka pa zala.

"Kodi kusukulu kwanuko ayamba kutemera mphini?"

Ndinawafotokozera. Anamvetsera mpaka kumapeto, akupukuta mbale imodzimodzi.

"Ndiye mwanayo alibe mikono yake?"

"Munthu sadzilasa yekha, amayi."

"Chabwino. Koma ine ndinabereka mwana wathupi losalala. Ukamaliza kugawa, undisungireko pena pake." Anandithirira thobwa m'kapu yaikulu n'kuima pomwepo mpaka nditamaliza.

Pang'onopang'ono zala za mtsikana uja zinayamba kumva. Ankatseka maso, n'kuyendetsa chala pamwamba pa utomoni, n'kuima. "Uli apa." Nthawi zina unalipodi. Kenako nthawi zambiri unalipo. Koma odwala ankamukanabe, ndipo tinalowa sabata yomaliza akulu aja asanaone kanthu.

Tsiku limene ndikufuna kunena, akuluwo anali atapita ku Boma pa njinga yamoto kukatenga mankhwala. Ine ndinali ndisanamwe kanthu kuyambira dzulo lake, ndipo m'mimba munali mutanditsegulako m'mawa, koma ndinazinyalanyaza poganiza kuti madzulo ano ndi omaliza kuyeserera. Dzuwa litapendeka pang'ono ndinamva mabelu a ng'ombe. Inali ngolo yomwe ija, bambo yemwe uja, ndi mkazi wake yemwe uja. Mayiyo anali atabwerera ku masamba onyowa, poti akanapitanso kuti? Ulendo uno matenda anali aakulu kuposa poyamba. Sankayankhula, milomo inali itang'ambika, ndipo nditatsina khungu la pamimba linangoima osabwerera.

Bamboyo anandiloza. "Inu nomwe, amayi. Munatithandiza tsiku lija."

Ndinamanga golovesi. Nditawerama, bedi linayamba kusuntha. Chala chimene ndinkadalira chija chinali ngati chavala nsalu, sichinkamva kanthu. Ndinalasa, ndinaphonya. Ndinapita ku mkono winawo, ndinaphonyanso. Ndinachita mantha, mantha enieni, chifukwa mayiyu analibe nthawi yoti ndiyambe ndakamwa madzi ndi kupuma.

"Bwera," ndinamuuza mtsikana uja.

Bamboyo anatchinga ndi dzanja. "Ameneyo ayi. Tinanena kale."

"Bambo, ine manja andikana, mwaona nokha. Akuluakulu ali ku Boma. Anamwino ali ndi mayi woyembekezera amene akuchira pompano, sangachoke. Watsala ndi uyu."

"Mkazi wanga si wophunzirirapo."

Ndinapinda malaya mbali zonse ziwiri mpaka m'mapewa, n'kumuikira mikono pamaso.

"Wophunzirirapo ndi ine. Anamaliza kuphunzira."

Anayang'ana mikonoyo nthawi yaitali. Anayang'ana mkazi wake. Kenako anatsitsa dzanja n'kusuntha pang'ono.

Mtsikana uja anafika pa bedi, anavula magalasi, anasowa poika, n'kungomupatsira bamboyo kuti agwire. Iye anawalandira ndi manja awiri. Mnzangayo anagwada, anatseka maso, chala chikuyenda pa mkono wakuda uja, kukwera, kutsika, kubwerera. Anachedwa moti ndinafuna kumukalipira, koma ndinadziluma lilime. Anaima penapake pamene ine sindinkaona kalikonse. Anagoneka singano, analowa, ndipo kadontho ka magazi akuda kanatulukira kumbuyo kwa kanyula. Anakankha kapulasitiki, anamata, analumikiza chubu, n'kutsegula madzi mpaka kumapeto. Ine ndinakhala pansi pa simenti, msana kukhoma.

Botolo loyamba litatsala pang'ono kutha, mayiyo anatsegula maso n'kupempha chitenje chake. Nthawi yomweyo tinamva njinga yamoto panja. Akulu aja analowa fumbi lili m'nsidze, anayang'ana wodwala, anayang'ana dripi, anagwira pamene panamatidwa.

"Waika ndani?"

"Awa," anatero bambo uja, akuloza ndi magalasi amene anali akadali m'manja mwake.

Akuluwo anagwedeza mutu. "Ndamva. Ntchito yake ndi yabwino. Koma sindinaone."

Magazi anandikwera kumutu. Ndinadzuka kuti ndiwauze zonse zimene zinali kukhosi kwanga, za malamulo awo, za maso awo, za sukulu imene imatuma ana kuti aphunzitse ana anzawo. Sindinafike ngakhale pa liwu loyamba. Chipinda chinapendekeka, ndipo ndinapezeka nditagwira chitsulo cha bedi. Akuluwo anandigwira paphewa, ananditsina khungu la kuseri kwa dzanja, anati nditulutse lilime, kenako anayang'ana mikono yanga imene inali ikadali poyera.

"Mwamwa liti madzi?"

"Dzulo."

"Ndipo m'mimba?"

Ndinayang'ana pansi. Akuluwo anapumira m'mwamba ngati munthu amene waona zopusa zambiri pa moyo wake ndipo izi sizinali zoyamba.

"Zimenezi tikambirana mukachira, ndipo simudzazikonda. Gonani apo." Anatembenukira kwa mtsikana uja. "Mayi, uyu ndi wodwala. Tengani kanyula."

Ndinagona pa bedi loyandikana ndi la mayi uja. Mnzangayo anandigwira mkono, ndipo ndinamva kuti zala zake zinali zozizira koma zosanjenjemera. Anafufuza nthawi yaitali, chifukwa malo onse abwino anali atawawononga yekha masabata apitawo. Anapeza kamtsempha kena m'mbali mwa dzanja, cha kumunsi kwa chala chachikulu, pamalo powawa kuposa ponse.

"Musayang'ane, asisi."

Ndinayang'anabe kudenga. Ndinamva kuwawa, kenako kuzizira kukukwera m'mkono. Akulu aja anali ataima cha kumutu kwa bedi, manja kumbuyo.

"Ndaona," anatero, n'kutuluka kukatsitsa makatoni pa njinga.

Mabotolo athu awiri anapachikidwa pa mtengo umodzi. Mayi uja anatembenuza mutu n'kundiyang'ana, anayang'ana utomoni wa m'manja mwanga, n'kufunsa ndi mawu otsika:

"Nanunso ndi fodya?"

"Ndi fodya yemweyo, mayi."

Sindikukumbuka kuti ndinagona nthawi yanji. Ndinagona tulo timene ndinali ndisanagonepo chifikire pamalopo, osalota, osamva ngakhale anamwino akusintha botolo. Nditadzuka kunali kutacha. Bedi la pambali linali lopanda munthu, ndipo panja panalibe ngolo. Mayi uja ndi mwamuna wake anali atapempha kutuluka m'mamawa, akuti fodya wa dzana anali asanasokedwe. Mtsikana uja anali atakhala pa mpando pafupi nane, magalasi ali kumaso, atagwira kapu ya madzi. Mwachizolowezi ndinayamba kutambasula mkono winawo, koma iye anaubweza n'kuufunditsa.

"Imwani, asisi," anatero. "Mkono umenewu ndathana nawo."